Dina Kapena Dinani

Ababa anga sankalola kuti chinthu chopanda mpweya chiwalamule. Woulutsa mawu pa wayilesi akanena kuti "musasinthe, khalani pompo", iwo ankatambasula dzanja n'kusintha nthawi yomweyo, ngakhale pulogalamuyo akuikonda, kuti wayilesiyo idziwe mwini nyumba ndani. Ndinakula ndikuziona zimenezi n'kumaseka. Sindinkadziwa kuti tsiku lina khalidwe lomweli lidzatsala pang'ono kundilepheretsa ntchito.

Anali telala. Zaka zonse za ubwana wanga ankakhala pakhonde la sitolo ina pa boma la Nkhotakota, kusoka makanzu, mayunifolomu a ana a sukulu, ndi madiresi a ukwati amene eni ake ankabweretsa nsalu lero n'kumafuna atasokedwa dzulo. Ng'ala itayamba kuwaphimba maso, ulusi unasiya kulowa pa singano, ndipo makina anabwerera kunyumba pa wilibala. Amayi anali atatisiya kale, azichimwene anga anali kutali ndi mabanja awo, choncho pakhomo tinatsala awiri, ine ndi iwo.

Ine ndinkagwira ntchito pa kashopu kotayipa makalata ndi kuchita fotokope. Ntchito yake inali yosavuta koma yosakufikitsa kulikonse. Ndiye sukulu ina ya ku Dwangwa itandiitana kuti ndizikaphunzitsa ana makompyuta teremu yotsatira, ndinasangalala tsiku limodzi lokha, mawa lake ndinayamba kuganiza za ababa.

Za chakudya ndi zochapa sizinkandidetsa nkhawa. Azakhali anga, mlongo wawo wa ababa, amakhala kuseri kwa mpanda wathu, ndipo pa nkhani yosamala munthu palibe wowaposa. Vuto linali foni. Ababa sankaonanso manambala, choncho akafuna kulankhula ndi munthu, azakhali ndi amene ankawaimbira. Akaimba sankachoka. Ankakhala pa mkeka pompo, kumasankha mpunga m'lichero, makutu ali tcheru. Tsiku lina ababa anauza achimwene pa foni za vuto lina la m'thupi limene mwamuna wachikulire sauza munthu wamba. Pofika Lachisanu, potuluka mu mzikiti, anthu ankawakokera pambali mmodzimmodzi n'kumawauza mitengo yoti amwe. Anabwera kunyumba nkhope ili ndwii, ndipo analumbira kuti sadzaimbitsanso foni kwa munthu.

"Iwe pita," anandiuza. "Ukafuna kundimva uzibwera. Minibasi zilipo."

Ku Dwangwa si kutali, koma si kuseri kwa nyumba. Ndinkaganiza za tsiku limene adzadwale, kapena kungosowa wolankhula naye, n'kukhala chete chifukwa cha manyazi. Ndinadziuza ndekha kuti ngati sangathe kundiimbira okha, popanda wowagwirira foni, ntchitoyo ndiisiya. Ndipo ntchitoyo ndinkaifuna kwambiri.

Nthawi imeneyo n'kuti nditazolowera kuwerenga tsamba lina la pa intaneti makasitomala akachepa. Ndinalipeza pofufuza njira yodzutsira kompyuta yakale ya pa shopu, imene unkaiyatsa n'kukagula zitumbuwa n'kubwera isanatsegule maso. Tsambalo linali la m'Chichewa, ndipo olemba ake anali anthu ongodzipereka: aphunzitsi, okonza mafoni, ana a kukoleji, aliyense ali kwawo. Ankalemba za mapulogalamu amene iwo ankawatchula kuti otseguka, kutanthauza mapulogalamu amene aliyense angathe kuona mmene anawapangira, kuwasintha, n'kugawira anzake popanda wom'gwira dzanja. Ine zinkandidabwitsa. Kwathu ngakhale wophika zitumbuwa sakuuza chimene amathira kuti zake zizikoma kuposa za mnzake. Nanga awa ndi anthu otani, oyala zonse poyera? Ndinkawerenga nkhani zawo ngati munthu wosuzumira pa mpanda wa neba, kufuna kuona mmene amakhalira.

Pa tsamba pomwepo ndi pamene ndinamva za kapulogalamu kothandiza anthu a maso ofooka. Ukakaika mu foni, tizithunzi tambirimbiri tija timachoka, pamatsala mabatani ochepa akuluakulu ndi nkhope za anthu amene umawaimbira kawirikawiri. Gulu lomwelo linali litamasulira mawu a pa mabataniwo m'Chichewa: Imba, Yankha, Dula, Lankhula, Tumiza. Ndinakaika mu foni ya ababa ndisanawauze. Kenako ndinafunsa pagulupo ngati pali nkhani yoti munthu wachikulire angaiwerenge, kapena kum'werengera, n'kuphunzira kukagwiritsa ntchito. Wina anayankha kuti palibe, ndipo popeza wafunsa ndine, ndiilembe ndine. Ananditumizira tsamba la mutu woti Malangizo kwa Olemba.

Ndinawawerenga malangizowo ndi chidwi cha munthu amene walowa m'mudzi wachilendo n'kumafuna kudziwa zimene eni ake amasala. Ena anali omveka. Ulembe zokhazo zimene waziyesa wekha. Usatsatse malonda. Chithunzi chikhale chojambula iwe mwini, ndipo nambala ya munthu ikaoneka uifute. Lina linandiimitsa kaye: nkhani ikatuluka si yakonso wekha, wina angathe kuitenga, kuisintha, kuimasulira m'chilankhulo china, bola atchule kuti anaiyamba ndiwe. Ndinaganiza za thukuta langa likuyenda m'manja mwa anthu osawadziwa, mtima unachita kaduka pang'ono. Kenako ndinakumbukira kuti kapulogalamu kali mu foni ya ababa nanenso sindinakakhetsere thukuta. Malangizo ena ndinangowadumpha, monga timachitira tonse.

Nkhani yanga ndinaiyamba monga munthu woleredwa. Ndinapereka moni kwa owerenga onse, ndinanena kuti kuno ku Nkhotakota tili bwino kupatula kutentha, kuti mango ayamba kupsa, kuti ndine mwana wa telala, ndi chimene chandiyendetsa. Nditamaliza malonje ndi pamene ndinalowa m'nkhani: tengani foni yanu, dinani apa, sankhani chithunzi.

Nkhani iliyonse inkadutsa kaye kwa mkonzi. Wanga anali mnyamata wina wa ku Lilongwe amene mpaka lero sindinamuonepo. Pa chithunzi chake anaikapo mphaka. Anandibwezera nkhani yanga itadulidwa mutu. Malonje onse anachotsa, n'kusiya ndemanga pambali yoti, "Achemwali, munthu amene foni yamuvuta sakufuna kudziwa ngati mango apsa ku Nkhotakota." Ndinapsa mtima mpaka ndinachita fotokope kumbuyo kwa satifiketi ya kasitomala, n'kum'patsa pepala loyera. Ukalowa pakhomo pa munthu umangoyamba kunena chimene wabwerera, ngati wapolisi? Komabe mtima utazizira ndinaona kuti mwina akunena zoona, ndipo mango ndinawalola apite.

Chimene sindinachimvetse chinali china. Paliponse pamene ndinalemba kuti dinani, iye anasintha n'kukhala dina. Tengani anasanduka tenga, foni yanu inasanduka foni yako. Anandilozera lamulo limodzi mwa amene ndinawadumpha aja: lankhula ndi wowerenga ngati mnzako. Nditafunsa chifukwa, anayankha mofatsa ndithu. Anati pa tsamba lawo palibe bwana, onse ndi ofanana. Anati mawu a inu amamveka ngati kalata ya ku ofesi ndipo amaopseza munthu amene akuiopa kale foni. Anatinso mawu a m'nkhani ayenera kufanana ndi a pa mabatani kuti wowerenga asasokonezeke. Mfundo zake sizinali zopusa. Chondiseketsa n'chakuti zonsezi ankandilembera ndi inu. "Mukaganiza bwino, achemwali, muvomereza." Ine ankandipatsa ulemu, wowerenga wanga n'kumumana.

Ndinavomera, poti ndinali mlendo pagulupo. Panatsala lamulo lomaliza, limene ndinalikonda kuposa onse: nkhani isanatuluke, uiyese pa munthu amene sadziwa chinthucho, uone ngati angatsatire. Ine woyesera ndinali naye pakhomo.

Unali m'mawa, ababa atamwa tiyi, atakhala pa mpando wawo pakhonde, kofia ili pabondo chifukwa cha kutentha. Azakhali anali atapita ku msika. Ndinawapatsa foni m'manja, ine n'kukhala pansi ndi pepala limene ndinasindikiza ku shopu, ndipo ndinayamba kuwerenga monga mmene linalembedwera.

"Tenga foni yako. Dina batani la m'mbali kuti iyake."

Mawuwo atangotuluka ndinamva kuti lilime langa laponda polakwika. Ababa sanasunthe. Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Bwereza," anatero.

"Ndi mmene alembera, ababa. Ndi nkhani chabe."

"Nkhani ili ndi pakamwa? Ine ndikumva mawu a mwana amene ndinam'sokera yunifolomu yoyamba. Walemba ndani?"

"Ndine, koma..."

"Ndiwe."

Anayandikitsa foni kumaso n'kudina okha batani la m'mbali lija, poti anali atamva bwinobwino. Sikirini inayaka, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni ng'ala anawerenga mawu pa foni popanda wowathandiza. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Ndinasangalala msanga.

"Imba," anawerenga mokweza. "Nayonso ikuti imba. Ndiimbe nyimbo yanji? Kaswida? Tinaphunzira limodzi ku madrasa ine ndi foni imeneyi?"

Anadzuka, n'kukatsegula kadirowa ka pa makina osokera, momwe ankasungamo mabobini a ulusi ndi choko, n'kuiponyamo. Pepala langa anati ndikayatsire mbaula.

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinakwiyira ababa chifukwa cha kuuma mutu, ndinakwiyira mnyamata wa mphaka uja, ndinakwiyiranso nkhuku yomwe. Foni imene ankatha kuiwerenga inali itagona ndi mabobini chifukwa cha kamchira kakang'ono koti ni.

Patapita masiku, ndikuwadonthetsera mankhwala m'maso, anayambitsa okha nkhaniyo. Munthu ukam'gwira chikope sathawa, ndiye tinalankhulana.

"Zinthu zako zija mwini wake ndani? Ndikufuna ndidziwe kwawo."

"Zilibe mwini, ababa. Ndi za aliyense."

"Palibe chinthu chopanda mwini. Ngakhale galu wa pa doko ali ndi amene amam'ponyera matumbo a nsomba."

Ndinayesa kufotokoza kuti amapanga ndi anthu ambiri, wina kuwonjezera apa, wina kukonza apo, ndipo aliyense woona cholakwika ali ndi ufulu wochikonza.

"Ndiye chifukwa chake," anatero, diso limodzi lili chitsinzinire. "Mwana woleredwa ndi gulu, aliyense amaganiza kuti ulemu am'phunzitsa mnzake. Wati aliyense angakonze? Ngakhale iwe?"

"Ngakhale ine."

"Nanga ukudikira chiyani? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kwera basi mawa ukawauze."

Anakhumudwa kumva kuti ku Lilongwe kulibe ofesi yoti munthu n'kukagogoda. Anali atakonzeka kundiperekeza atavala kanzu yawo yoyera ya Lachisanu.

Ndinabwerera ku malangizo aja, ulendo uno osadumpha mzere. Pansi penipeni panali mawu oti malangizowa nawonso ndi otseguka, ndipo wofuna kusintha lamulo alembe maganizo ake pagulu kuti anthu akambirane. Zinandikomera kuona lamulo lokhala ndi chitseko chake. Ndinalemba, n'kufotokoza zonse zimene zinachitika pakhonde, osabisa ngakhale za madrasa.

Sindinkadziwa kuti ndaputa mavu. Anthu amene ankangolemba za makompyuta mwakachetechete anatuluka onse. Mtsikana wina wa kukoleji anati ulemu wonyanya ndi umene umachititsa achinyamata kuona Chichewa ngati chilankhulo cha pamaliro. Mphunzitsi wina wa ku Kanyenda, amene Chichewa chake chinkamveka kuti makolo ake anachokera kumpoto, anati iye foni amaphunzitsa apongozi ake, ndipo tsiku limene adzawauze kuti dina, gulu limupezeretu kogona. Wina anafunsa ngati mwana wa sitandade faifi akawerenga dinani angavulale penapake. Ine ndinkawerenga zonsezi pakati pa makasitomala, n'kumadabwa kuti mawu amene timangowatulutsa osaganiza ali ndi mizu yotere.

Masiku amenewo makutu anga anasintha. Ndikamayenda ndinkamvetsera iwe ndi inu ngati munthu amene wangophunzira kumene chilankhulo. Kondakitala ankaitana wokwera ndi inu, akalowa n'kukana kusuntha ankasanduka iwe. Pa chitseko cha banki analemba kankhani, koma kuseri kwa msika wina analemba ndi makala mawu a iwe amene sindingawabwereze. Bambo wina wa pafupi ndi kwathu ankaitana kamwana kake kakakazi kongoyamba kuyenda kuti, "Bwerani kuno, amayi," ndipo kamwanako kankabwera kakudzigwedeza ngati n'koyeneradi dzinalo. Ababa zimenezo analibe. Kwa iwo mwana anali iwe basi, akhale wa zaka zingati.

Mkonzi wanga anagonja pa za nkhani. Anati chabwino, munthu akamalembera munthu, dinani alowe. Koma pa mabatani anakana, ndipo chifukwa chake chinali chovuta kuchitsutsa. Batani lili ndi malire. Mawu akatalika, zilembo zimachepa kuti zikwane, ndiye maso omwe mukufuna kuwathandizawo saonanso kanthu. "Yesani nokha, achemwali," anatero, n'kundionetsa posinthira mawuwo mu foni imodzi. Ndinaitulutsa foni m'kadirowa ababa ali ku mzikiti, n'kusintha. Imba anakhala Imbani, Tumiza anakhala Tumizani. Zilembo zinachepadi. Atabwera ndinawaonetsa. Anaiyandikitsa, anaitalikitsa, anapita nayo padzuwa.

"Nyerere," anatero. "Kaya zaulemu kaya zamwano, sindikudziwa. Ndikuona nyerere."

Ndinabwezeretsa mawu akale, foni n'kubwerera ku mabobini. Sabata yomweyo a hedi a ku Dwangwa anaimba kufunsa ngati ndikubweradi, chifukwa panali winanso wofuna malowo. Ndinawapempha kuti andidikire pang'ono. Nditadula ndinapita kuseri kwa shopu n'kulira, kulira kwa mkwiyo. Ndinkaona ngati ababa asankha ulemu wawo n'kusiya ine.

Loweruka lake azakhali anabwera ndi nsalu yatsopano kuti ababa awapindire m'mphepete. Msoko woongoka ankathabe ndi zala zokha, bola wina awalowetsere ulusi. Ndinalowetsa, n'kukhala pambali osawalankhula, poti mkwiyo unali usanathe. Makinawo anali atakhalitsa osagwira ntchito. Ababa atapondaponda, gudumu linazungulira pang'ono n'kuima. Analithandiza ndi dzanja, linaimanso.

"Yenda, iwe!" anakalipa, akumenya pamsana pa makinawo. "Soka! Usandichititse manyazi pamaso pa anthu."

Mawu amenewa ndinali nditawamva chibadwire. Makinawo ankawauza kuti yenda, ima, bwerera, ngati akuyendetsa ngolo. Koma tsiku limenelo anandilowa mwina. Ndinaganiza za batani lija. Tonse pagulu paja, ofuna dina ndi ofuna dinani, tinkakangana ngati kuti tikudziwa amene akulankhula pa batanilo, koma palibe amene anafunsa. Kodi foni ndi imene ikuuza munthu kuti imba, kapena munthu ndi amene akuuza foni? Munthu amangodina. Yofunafuna nambala n'kukagogoda kwa winayo ndi foni.

Ndinadikira kuti azakhali atenge nsalu yawo achoke.

"Ababa, makinawa bwanji simuwauza kuti yendani?"

"Ndi akulu anga? Ndinawagula ndekha."

"Nanga foni?"

"Foni yatani?"

Ndinaitulutsa m'kadirowa n'kuiyatsa. "Mawu awa si foni ikukuuzani inuyo. Ndi inu mukuiuza iyoyo. Mukadina apa, mwailamula kuti imba, ndipo imaimba. Mukadina apa, mwaiuza kuti dula. Angokulemberanitu mawu anu kuti musamavutike kukuwa."

Anayamba kupukuta mafuta m'zala ndi kansanza. Ndinkaopa kuti anena kuti ndikuwanyengerera ngati mwana wokana phala.

"Ndiye kuti mawuwa ndi anga."

"Anu."

"Wantchito ndi iyoyo."

"Iyoyo."

"Nanga bwanji sunanene kale? Sukulu yonse ija?"

Anaitenga, anapeza nkhope yanga pa sikirini, anaidina, kenako anakweza chala ngati akuloza mwana wosamva. "Imba!" anatero, n'kudina. Foni yanga inalira m'chikwama. Nditafuna kuyankha pompo anandithamangitsa kuti ndikayankhire kuseri kwa bafa, chifukwa munthu suimbira foni munthu amene ukumuona. Ndinathamanga ngati kamtsikana. "Ukundimva?" anafunsa, mawu akumveka kawiri, m'khutu ndi pamwamba pa mpanda.

Mumtima ndinali ndi kachikaiko kuti mwina ndangopeza bodza labwino. Choncho ndinalemba pagulu funso lomwelo: pa batani amalankhula ndani? Mkonzi anayankha kuti sanaganizepo. Kenako iye yemweyo anabwera ndi zina. Nanga mawu amene amatuluka foni ikamachedwa, oti Dikira? Pamenepo si munthu akuuza foni, ndi foni ikuuza munthu. Apo ndiye panali mwano weniweni, ndipo tonse tinali tisanauone. Tinayamba kusanthula mawu onse a m'kapulogalamuko limodzilimodzi, ngati kusankha miyala mu mpunga, n'kumafunsana kuti apa akunena ndani. Dikira anakhala Dikirani, Yesanso anakhala Yesaninso. Amenewa sakhala pa batani, malo alipo. Imba ndi Tumiza anatsala mmene analili. Sindikumbuka ntchito ina imene inandikomera ngati imeneyo.

Lamulo latsopano linalowa m'malangizo, ndipo ndinawawerengera ababa: munthu akamalankhula ndi munthu, kapena makina akamalankhula ndi munthu, pakhale inu; munthu akamalamula makina, iwe akwanira. Anagwedeza mutu ngati kuti analemba ndi iwo. Anafunsa ngati malonje abwezeretsedwa. Nditati ayi, anati anthu a ku Lilongwe sangachire matenda onse tsiku limodzi.

Nkhaniyo inafunika chithunzi cha dzanja logwira foni. Ndinapempha lawo. Anakasamba, anavala kanzu ndi kofia, anakhala mowongoka, ngakhale ndinawauza kuti pachithunzipo paoneka chala chachikulu chokha. Kenako ndinaiyesanso nkhani yonse pa iwo, kuyambira pa tengani foni yanu mpaka pa kutumiza uthenga wa mawu, ndipo anatsatira zonse. Inatuluka yopanda mango. Pasanapite nthawi mphunzitsi wa ku Kanyenda uja anaitenga n'kuimasulira m'chilankhulo cha apongozi ake, chala cha ababa chili pomwepo, ndipo kaduka kanga kaja sindinakapezenso. Ndinaimbira a hedi kuti ndikubwera.

Ndinanyamuka mvula itayamba, pa minibasi yodzaza matumba ndi ana obwerera ku sukulu zogonera konko. Ababa sanandiperekeze ku siteji. Anati matope ndi maso awo sizigwirizana. Anangoti, "Iwe, ukafike bwino," ali chikhalire pa mpando. Pamene tinkawoloka mtsinje wa Bua n'kuti nditayang'ana kale foni yanga kambirimbiri.

Sabata yoyamba sanaimbe. Ndinkaimba ndine, ndipo ankayankha okha, zimene zinali zabwino kale, koma mayankho ake anali afupiafupi: tili bwino, tadya, mvula ikugwa. Chapatali ndinkamva lichero la azakhali. Ndinayamba kuganiza kuti tsiku lija anangofuna kundimasula kuti ndipite, ndipo ine ndikadula foni imabwerera ku mabobini. Maganizo amenewa ankandipweteka kwambiri.

Tsiku lina nthawi ya buleki, ndikupukuta makompyuta a sukulu, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa mawu. Ndinatuluka panja, ndinaima pansi pa mtengo n'kuuika kukhutu. Poyamba kunamveka kupuma ndi tambala wa kwa neba.

"Asalamu alaikumu, amayi. Mwadzuka bwanji kumeneko? Ndine. Ndili ndekha, azakhali anu apita ku chigayo. Kuno tadzuka bwino. Denga la kukhitchini likudontha pomwe paja. Anthu ali kalikiliki kuwokera mpunga. Mango a kuseri aja atha, ana amaliza."

Anapitiriza choncho, malonje athunthu, onse amene mkonzi anandidulira aja. Koma ine ndinali nditaima pa mawu oyamba. Chibadwire ababa anali asananditchulepo inu. Ndinali iwe ndili pa sukulu, iwe ndikuwadonthetsera mankhwala, iwe pa tsiku lonyamuka.

"Ndimati ndikuuzeni," anatero chakumapeto, mawu atatsika. "Nyumba yakula chichokereni inu. Ndimadzuka n'kumamvetsera ngati mukutsuka mbale. Koma musabwerere ayi. Gwirani ntchito. Ndikafuna kukumvani ndiziimba ndekha, ndadziwa tsopano."

Kenako kunamveka phokoso la chala chofufuza batani. Ndiyeno, ndi mawu awo akale aja, okalipa, a pa makina osokera:

"Tumiza, iwe."